Mabwalo Awiri a pa Yunivesite

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Malimidwe

Masabata apitawa takhala tirikukambirana za kasungidwe ka chimanga ndi kakonzedwe ka manyowa. Lero ndapatuka pang'ono. Ndifuna tikambirane za Yunivesite, ndi za anthu amene ali ndi mphamvu ya kuweruza nkhani za maphunziro kumeneko. Kapena ena a inu mulikuti, "Za Yunivesite zitikhudza bwanji ife anthu a khasu?" Dekhani, mumvere kufikira kumapeto, pakuti nkhaniyi ifika m'munda mwanu ndi m'khola mwanu momwe.

Kalata ya amfumu

Chimene chandiyambitsa ndi ichi. Mwezi wathawu, titatha msonkhano wa alimi pa mudzi wina wa m'dera langa, amfumu a pamudzipo ananditengera pambali. Anatulutsa kalata m'thumba la jekete nati, "Alangizi, tawerengani iyi. Mwana wa mlongo wanga wachotsedwa ku Yunivesite. Mbumba yonse tinasonkha kuti apite. Ine ndinagulitsa ng'ombe, mai wache anagulitsa mtedza wonse osasiya ndi wa mbeu womwe. Inu ndinu a Boma. Tilembereni kalata yopita kwa phungu wathu, kapena kwa Nduna imene, kuti akawauze aphunzitsiwo ambweze mwanayu."

Ndinaiwerenga kalatayo kawiri. Inanena kuti mnyamatayo walephera maphunziro angapo a chaka chachiwiri, ndi kuti bwalo lotchedwa Seneti lagamula kuti achoke. Ndinawayankha kuti, "Pepani amfumu, kalata yotere sindingalembe, ndipo ngakhale nditalemba singathandize. Phungu alibe mphamvu pa mlandu uwu, Nduna iribenso." Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Nanga sukuluyo si ya Boma kodi? Si msonkho wathu umene ulipira aphunzitsiwo?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndidziwa kuti liri m'mitima ya makolo ambiri. Ine mwini sindinaphunzire pa Yunivesite. Sukulu ndinalekeza ku sekondale, ndipo za ulangizi ndinaziphunzira pa makosi ndi m'minda mwanu. Koma amene anandiphunzitsa anachokera kumeneko, ndipo mabuku amene ndimayenda nao pa njinga analembedwa ndi anthu ophunzira kumeneko. Chotero ndinafunsafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza ndi izi.

M'mene Yunivesite inayambira muno

Pamene dziko lino linali Nyasaland munalibe Yunivesite. Mwana wanzeru amene anapeza mwai anapita ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa, ku Salisbury kumene tsopano ndi Harare, kapena ku Britain. Otere anali owerengeka. Ufulu utabwera mu July 1964, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Yunivesite ya Malawi mu October chaka chomwecho. Maphunziro anayamba pa 29 September 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Chansala woyamba anali Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo woyendetsa nchito za tsiku ndi tsiku anali Dr. Ian Michael.

Mu 1967 Koleji ya za Ulimi ya Bunda, imene inamangidwa ndi thandizo la Boma la America patsinde pa phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, inalowa m'banja la Yunivesite. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Koleji ya anamwino ya Kamuzu inalowa mu 1979, ndipo ya madokotala inatsegulidwa mu 1991. Bunda inakhala m'banja limeneli zaka 45. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lina, ndipo pa 1 July 2012 Bunda inaima payokha ndi kukhala Yunivesite ya za Ulimi ndi Zachilengedwe ya Lilongwe, imene ambiri amaitcha LUANAR. Pambuyo pache koleji ya NRC, kumene alangizi ambiri amaphunzira, inaphatikizidwa nayo. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ya ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Chotero pofika chaka chimenecho mayunivesite a Boma anakwana 6.

Khonsolo ndi Seneti

Lamulo lirilonse lokhazikitsa Yunivesite ya Boma limaika mabwalo awiri akulu, ndipo bwalo lirilonse liri ndi milandu yacheyache.

Bwalo loyamba ndi Khonsolo. Ili ndilo losunga chuma. Nyumba za sukulu, magalimoto, minda ndi ng'ombe za pa famu, malipiro a anchito, fizi imene makolo mumalipira, zonsezi ziri m'manja mwa Khonsolo. Ndiyo imalemba nchito akuluakulu a Yunivesite, ndipo ndiyo imayankha kwa Boma za m'mene ndalama za msonkho zayendera. Pa bwalo ili pamakhala oimira Boma ochokera ku Unduna wa Maphunziro ndi wa Zachuma, anthu odziwika a nchito zosiyanasiyana, ndi oimira aphunzitsi ndi ophunzira. Apa ndi pamene funso la amfumu lija liri ndi malo ache. Pa za ndalama Boma liri ndi mau, ndipo liyenera kukhala nao, pakuti ndalamazo ndi zanu.

Bwalo lachiwiri ndi Seneti. Ili ndi bwalo la aphunzitsi. Wapampando wache ndi Vice-Chancellor, amene ali mkulu woyendetsa Yunivesite tsiku ndi tsiku. Pamakhalanso akulu a magawo a maphunziro, mapulofesa, woyang'anira nyumba ya mabuku, ndi oimira ophunzira owerengeka. Seneti ndiyo imanena chimene chidzaphunzitsidwa, zaka zimene phunziro lidzatenga, m'mene mayeso adzayendera, amene wakhoza ndi amene walephera, ndi amene ayenera kulandira dipuloma kapena digiri. Pa milandu iyi Khonsolo simalowerera kuti isinthe malikisi a munthu.

Nanga Chansala? Mwambo wa dziko lino ndi wakuti Mtsogoleri wa dziko ndiye amakhala Chansala wa mayunivesite a Boma. Mumamuona pa tsiku la chikondwerero, atabvala mkanjo, alikupereka madigiri. Ali ndi mbali pa kusankha akuluakulu ena, koma sachonga mayeso. Maina amene amaitanidwa tsiku limenelo ndi amene Seneti yabvomereza.

Inu mafumu, zimenezi si zachilendo kwa inu. Kwa ife Achewa, pakakhala chinamwali pamudzi, amfumu ndiwo amapereka chilolezo ndi bwalo. Makolo amasonkha ufa ndi nkhuku. Koma mu tsimba mumalowa anamkungwi, ndipo ndiwo amanena ngati namwali wamva mwambo kapena sanamve. Mfumu imene ingalowe mu tsimba ndi kunena kuti, "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, mtulutseni ngakhale sanamve," yaononga chinamwali cha mudzi wonse, ndipo midzi yoyandikana idzaleka kulemekeza anamwali a pamenepo. Khonsolo iri ngati amfumu ndi nduna zao. Seneti iri ngati anamkungwi.

M'mene nkhani imakwerera

Seneti simayamba nkhani yokha. Nkhani imachokera pansi, monga mlandu umayambira kwa mwini mbumba, nupita kwa nyakwawa, nufika kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Pansi penipeni pali dipatimenti, ndiko kuti kagulu ka aphunzitsi a phunziro limodzi, monga a za nthaka, a za mbeu, a za ziweto, kapena a za ulangizi. Madipatimenti angapo ofanana amapanga gawo lalikulu limene amalitcha faculty, ndipo mkulu wache ndi Dean. M'mayunivesite ena Dean amasankhidwa ndi aphunzitsi anzache, mwina amachita kulembedwa nchito, koma konse iye ndi mphunzitsi wodziwa za gawo lache.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi aona kuti dziko lisowa alangizi odziwa ulimi wothirira. A dipatimenti amakhala pansi ndi kulemba zimene wophunzira ayenera kudziwa chaka ndi chaka, ndi masabata amene ayenera kukhala kudimba m'malo mwa m'kalasi. Amafunsa a Unduna, mabungwe a alimi, ndi ena amene adzalemba nchito ophunzirawo. Zolembazo zimapita ku faculty, kumene anzao amazitsutsa ndi kuzikonza. Zikachoka apo zimafika ku Seneti. Seneti ikabvomera, Khonsolo imafunsa funso lache lakuti, "Kodi ndalama za aphunzitsi ndi za mapampu ziripo?" Ndiponso kunja kwa Yunivesite kuli bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lomwe limayendera masukulu onse a pamwamba kuona ngati maphunziro ao ali okwanira.

Mayeso amayendanso chimodzimodzi. Mphunzitsi akalemba mafunso, anzache a mu dipatimenti amawaona asanafike kwa ophunzira. Akachonga, malikisi amawerengedwa pa msonkhano wa dipatimenti, kenaka wa faculty, potsiriza wa Seneti. Pamakhalanso woyesa wochokera ku Yunivesite ina, nthawi zina wa dziko lina, amene amatenga mapepala ena ndi kuona ngati kuchongako kunali kolungama. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chache cha njira yaitali chotere ndi chakuti mphunzitsi mmodzi asathe kukweza mwana wa bwenzi lache, kapena kugwetsa mwana amene adana naye.

Wolephera pang'ono amapatsidwa mwai wa kulembanso, mayeso amene ophunzira amawatcha sapu. Wina amabwereza phunzirolo. Koma wolephera kwambiri amachotsedwa, ndipo ophunzira okhaokha amati wawidedwa, mau ochokera ku Chingerezi otanthauza kupalira. Ndi mau owawa kwa kholo limene linagulitsa ng'ombe. Komabe wophunzira ali ndi njira yodandaulira. Iye mwini amalemba kalata kwa mlembi wamkulu wa Yunivesite kupempha kuti mlandu wache uonedwenso, kapena kuti pepala lache lichongedwenso. Ngati anadwala, kapena kunagwa maliro, amaonetsa umboni. Khomo ndi limeneli, ndipo ndi lotsegukira mwana wa mfumu ndi mwana wamasiye chimodzimodzi.

Chifukwa chache mlimi asamale zimenezi

Tsopano tibwere kumunda. Nonse mudziwa za mbeu yachinyengo. Munthu atenga chimanga wamba cha m'nkhokwe, achipaka utoto, achiika m'pepala lokongola, nakugulitsani pa msika. Tsiku lobzala simuona kusiyana. Mudzaona mu February, feteleza atapita kale, mapesi ali onyozoloka. Ndicho chifukwa Boma liri ndi oyesa mbeu ku Chitedze, amene sali ogulitsa mbeu, ndipo chizindikiro chao pa thumba ndicho chimene mumakhulupirira. Dipuloma kapena digiri ndi chizindikiro chotero pa munthu. Mlangizi watsopano akafika m'dera lanu, inu simungamuyese mayeso. Mumakhulupirira kuti amene anamuyesa anamuyesa moona.

Nanga atakhala kuti anakhoza ndi kalata ya munthu wamkulu? Ndiye adzakuuzani muyeso wolakwika wa mankhwala a anankafumbwe, chimanga nichifumbwa, kapena ana anu nadya mankhwala opitirira. Adzabwera ndi katemera wa chitopa amene wakhala padzuwa tsiku lonse, nkhuku nizitha m'mudzi, inu nimuti katemera ndi wabodza. Amene anamlembera kalata uja sadzakhalapo tsiku limenelo. Kale madokotala a ziweto ankaphunzira kunja kokha, koma tsopano alikuphunzitsidwa ku Bunda komweko. Ng'ombe yanu ikadwala, mufuna dokotala amene anakhoza yekha.

Chachiwiri ndi ichi. Aphunzitsi a pa Yunivesite ali ndi nchito inanso, ya kufufuza. Nyemba za Kalima zimene ambiri mumabzala zinatulutsidwa ndi akatswiri a ku Bunda mu 1993. Akatswiri a Boma a ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka, ambiri a iwo anayambira maphunziro ao ku Bunda. Ndipo malangizo amene ife timakupatsani amasintha pamene ofufuza apeza njira yoposa yakale. Achikulire mukumbukira kuti tinkati mizere italikirane masentimita 90, mapando masentimita 90, mbeu zitatu pa phando. Pa hekitala pankakhala mapesi ngati 37,000. Tsopano timati mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando, njira imene mumaitcha Sasakawa, ndipo mapesi amapitirira 53,000. Feteleza wokulitsa amene tinazolowera, wa 23:21, anasinthidwanso atayesa nthaka ndi kupeza kuti m'minda yambiri mulikusowa michere ina. Kuti zimenezi zichitike panafunika anthu ololedwa kunena kuti, "Chimene takhala tirikuphunzitsa sichikwanira."

Ufulu wa mphunzitsi

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu. Malamulo akulu a dziko lino, amene tinalandira mu 1994, pa ndime 33 amanena za ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo, wa maganizo, ndi ufulu wa maphunziro. Ufulu wa maphunziro ndi wakuti mphunzitsi aphunzitse ndi kufufuza chimene apeza kuti ndi choona, osaopa kuti mawa achotsedwa nchito kapena amangidwa. Amene analemba ndimeyi anali ndi chifukwa. Mu September 1987 Dr. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anagwidwa ndi kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu May 1991. M'zaka zimenezo aphunzitsi ambiri anaphunzira kusunga pakamwa, ndipo ena anathawira kunja ndi nzeru zao.

Nkhaniyi inabukanso mu 2011. Pa 12 February chaka chimenecho mkulu wa polisi wa nthawiyo, Bambo Peter Mukhito, anaitana Dr. Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale ku Chancellor College, ndi kumfunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Iye anauza ophunzira kuti kusowa kwa mafuta a galimoto ndi kwa ndalama zakunja kungathe kuutsa anthu monga zinachitikira ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzache analeka kulowa m'kalasi, nati sangaphunzitse ngati pakati pa ophunzira pali okanena kupolisi. Khonsolo inachotsa nchito aphunzitsi anai, pamodzi ndi Dr. Chinsinga ndi Dr. Jessie Kabwila amene anatsogolera bungwe lao. Nkhani inapita ku makhoti, ndipo maphunziro anaima miyezi ngati 8. Mu October 2011 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene anali Chansala, analamula kuti anaiwo abwezedwe pa nchito, nalonjeza kuti ufulu wa maphunziro udzasungidwa.

Mudzati, "Imeneyo inali nkhani ya ndale ya ku Zomba." Koma dziwani kuti Dr. Chinsinga yemweyo ndi mmodzi wa anthu amene analemba zambiri pofufuza za makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, ndani ankawalandira, ndani ankatsala, ndi m'mene ankayendera m'midzi. Munthu woopa kupereka chitsanzo m'kalasi adzaopanso kulemba kuti feteleza wafika mochedwa, kapena kuti maina a akufa alowa m'kaundula. Tsono wotaya ndani? Ndi mlimi, ndiponso Boma lomwe, pakuti Boma silingakonze chimene silinauzidwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ife alangizi tiri ndi mbiri yathu imene itiphunzitsa zomwezi. Itapita njala ya 1949, Boma la atsamunda linalimbitsa malamulo a malimidwe. Munthu wosalima mizere yopingasa, wosaunda migula, wosazula mapesi a thonje pa tsiku loikika, ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Ena a malamulowo anali abwino, ndipo mizere yopingasa tirikulima mpaka lero. Koma ena sanayenere nthaka ya madera onse, ndipo panalibe wololedwa kutsutsa, mlimi kapena mlangizi. Chotsatira chache anthu anada mlangizi ngati mdani, nakana zabwino pamodzi ndi zoipa. Chikakamizocho chinachotsedwa Dr. Banda atakhala Nduna yoyang'anira za nthaka ndi malimidwe mu 1961. Nzeru imene siiloledwa kufunsidwa imatha mphamvu, kumunda ndi ku Yunivesite komwe.

Ufulu uli ndi katundu wache

Ndisakusiyeni ndi ganizo lakuti aphunzitsi salakwa. Ndi anthu monga ife. Bwalo limene lipempha kuti a kunja asalowerere liyenera kudzisesa lokha. Mphunzitsi wosabwera m'kalasi, wosunga mapepala a mayeso miyezi osachonga, wogulitsa malikisi, kapena wokakamiza mwana wamkazi kuti agone naye pofuna kukhoza, ameneyo sangabisale kumbuyo kwa ufulu wa maphunziro. Wapalamula, ndipo malamulo a Yunivesite ndi a dziko alipo omlanga. Namkungwi woononga anamwali amachotsedwa, ndipo oyamba kumdzudzula ayenera kukhala anamkungwi anzache.

Ndiponso mabwalo awiriwa akakangana, wolira ndi wophunzira ndi kholo lache. Sukulu ikatsekedwa, digiri ya zaka 4 imatenga zaka 5 kapena kuposa, lendi ya nyumba irikuwerengabe, ndipo ang'ono a kumudzi alikudikira kuti mkulu wao ayambe nchito. Chifukwa cha ichi Khonsolo iyenera kumvera aphunzitsi nkhani isanakule, ndipo aphunzitsi ayenera kukumbukira kuti choko chimene agwira chagulidwa ndi fodya, tiyi ndi soya wa anthu amene sanaponde pa Yunivesite.

Zimene ndikupemphani

Choyamba, inu makolo, dziwani khomo lolowera. Kuti mwana apikisane nao pa malo a mu Yunivesite ya Boma afunika makirediti 6 pa mayeso a MSCE, limodzi la iwo la Chingerezi, ndipo kusankha kumadzera ku bungwe la NCHE. Munthu akabwera pamudzi nati, "Ndipatseni mbuzi ndi ndalama, ndimpezera malo mwana wanu," ameneyo ndi wakuba. Kanenani kwa amfumu ndi kupolisi.

Chachiwiri, mwana akasankhidwa, mfunseni za ngongole ya ophunzira imene bungwe la Boma lokhazikitsidwa mu 2015 limapereka kwa osowa. Afunsire msanga. Inu mafumu, akakupemphani umboni wa m'mene banja liriri, nenani zoona, pakuti mukalembera wolemera kuti ndi wosauka mwalanda malo a mwana wamasiye wa m'mudzi mwanu momwe.

Chachitatu, mwana akabwera pa tchuthi, musamfunse za sopo ndi shuga zokha. Muuzeni akuonetseni zotsatira za mayeso. Ambiri amene amachotsedwa anayamba kugwa chaka chapita, nabisa chifukwa cha manyazi. Muuzeni kuti akadwala, kapena njala ikamkulira, akanene kwa aphunzitsi ache mayeso asanafike. Madzi akatayika saoleka.

Chachinai, ophunzira ndi aphunzitsi akabwera m'midzi mwanu kudzafufuza, alandireni, ndipo muwauze zoona, ngakhale zosakoma. Ngati mbeu imene anakupatsani sinabereke, nenani kuti sinabereke. Ndiponso muwafunse kuti, "Mukapeza zimene mufuna, mudzabwera liti kudzatiuza?" Muli ndi ufulu wa kufunsa funso limeneli, ndipo ofufuza abwino amabweradi.

Chachisanu, inu mafumu, musapemphe phungu kapena Nduna kuti asinthe chigamulo cha Seneti. Apempheni zimene ziri m'manja mwao, monga ndalama zokwanira zoyendetsera Yunivesite, nyumba zogona ophunzira, ngongole zotuluka pa nthawi yache, ndi alangizi ochuluka m'madera. Zimenezo ndizo za ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mukazinena pa msonkhano mwanena pa bwalo loyenera.

Nditsirize ndi amfumu aja. Tinamuitana mnyamatayo, ndipo atakhala chete nthawi yaitali anaulula kuti anadwala masabata atatu mayeso ali pafupi, nagonekedwa m'chipatala, koma sanauze mphunzitsi aliyense, poopa kuti kumudzi mungamveke kuti ng'ombe inapita pachabe. Buku lache la kuchipatala linali m'chikwama. Madzulo omwewo analemba yekha kalata yodandaula, ndi dzanja lache, naikamo umboniwo, ndipo m'mawa mwache anakwera basi kukaipereka. Amfumu pondiperekeza anati, "Alangizi, ine ndikaweruza mlandu sindifuna munthu wa mudzi wina adzandiuze chonena. Ngati mlandu wa mwanayu uli ndi bwalo lache, tidzadikira bwalolo."

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomweino, tidzabwerera kumunda ndi kukambirana za kusankha mbeu ndi kuyesa kameredwe kache mvula isanagwe. Uzani anzanu amene alibe wailesi kuti adzamvere pamodzi ndi inu.